Hanbok: chovala chimene chinapeza dzina anthu atayamba kuchivula

Kwa zaka mazanamazana anthu a ku Korea analibe dzina lapadera la zimene ankavala. Ankangoti ot, kutanthauza zovala, basi. Dzina lakuti hanbok linayamba kumveka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pangano la ku Ganghwa la mu 1876 litatsegula madoko a Busan, Wonsan ndi Incheon, ndipo m'misewu mutayamba kuoneka masuti ndi mataye. Zachilendozo anazitcha yangbok, zovala za kutsidya kwa nyanja, choncho zapamudzi nazo zinafunika dzina kuti zisiyane ndi zobwera. Han ndi Korea, bok ndi chovala. Ku North Korea liwuli saligwiritsa ntchito, amati Joseon-ot, potengera dzina la ufumu wakale limenenso dziko lawo limadziwika nalo.

Lero hanbok ili pa mndandanda wa chuma cha fuko ku South Korea, ili ndi tsiku lake pa 21 October, ndipo mu 2021 liwuli linalowa mu dikishonale yaikulu ya Oxford. Koma munthu wamba wa ku Seoul akhoza kutha chaka, ngakhale zaka, osaivala. Ndiye funso limene Akoreya akhala akulimbana nalo ndi lakuti, cholowa cha makolo chimene akunenachi chili pati? Chili mu maonekedwe a chovala, m'manja mwa amene amaluka ndi kusoka, kapena m'masiku amene munthu amachitulutsa m'sutikesi kuti avale?

Chovalacho pachokha n'chosavuta kuchifotokoza. Kumtunda, amuna ndi akazi omwe amavala jeogori, malaya a manja aatali opanda mabatani, amene mbali imodzi imapitirira pa inzake pachifuwa n'kumangidwa ndi timalamba tiwiri tansalu totchedwa goreum. Mfundo yake imakhala ndi khutu limodzi lokha, kwinako kumalendewera. M'mphepete mwa kolala amasokereramo kansalu koyera kowuma, dongjeong, kamene kakada amakasomphola n'kuikapo kena. Kumunsi mkazi amavala chima, siketi yaikulu yokulunga thupi ngati chitenje, koma yomangidwa pachifuwa n'kutsika mpaka kumapazi. Mwamuna amavala baji, buluku lotakasuka lomanga m'chiuno ndi mu akakolo, loyenera munthu amene amadya, kucheza ndi kugona pansi, pakuti nyumba za Akoreya zimatenthetsedwa kuchokera pansi. Potuluka amaponya pamwamba durumagi, chikhothi chachitali. Matumba mulibe, ndiye ndalama ndi tinthu tina ankaika m'kachikwama kansalu komangirira m'chiuno.

Telala wa suti amayeza thupi n'kudula nsalu motsata mapewa ndi chiuno. Wosoka hanbok amadula zidutswa zowongoka, zoti ukaziyala pamphasa zimagona fulati. Chovala chimapeza maonekedwe ake munthu akalowamo ndi kuyamba kuyenda. N'chifukwa chake chima imodzi imatha kumukwana munthu ali mtsikana, ali woyembekezera, mpaka atakalamba.

Umboni wakale kwambiri uli m'makoma a manda a ufumu wa Goguryeo, umene unagwa mu 668. M'manda ena a zaka za m'ma 400, otchedwa Muyongchong, muli chithunzi cha anthu ovina atavala malaya ofika m'chiuno omanga ndi lamba, ndi mabuluku a madonthomadontho. Amenewa anali anthu okwera mahatchi ndi kuponya mivi m'dziko lozizira, ndipo akazi nawo ankavala mabuluku. Malaya kumtunda, buluku kapena siketi kumunsi: dongosolo limeneli lakhalapo zaka zoposa 1,500. Zina zonse, utali, mtundu, nsalu, kamangidwe, zakhala zikusintha.

Zosintha zambiri zinkalowera ku nyumba yachifumu. Mu 648 Kim Chunchu, amene pambuyo pake anadzakhala mfumu ya Silla, umodzi mwa maufumu akale a ku Korea, anapita ku China n'kubwerako ndi kavalidwe ka nduna za ufumu wa Tang. Kuyambira pamenepo mafumu ndi nduna ankavala mikanjo yotengera ku China pa ntchito za boma, pamene m'kati mwa mikanjoyo, ndiponso m'midzi monse, jeogori ndi baji zinkapitirira. Nthawi imene a Mongol ankapondereza ufumu wa Goryeo, m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300, masitayilo ankayenda mbali zonse ziwiri, moti kavalidwe ka Akoreya kanatchuka kunyumba yachifumu ya a Mongol. Koma chimene chinasintha moyo wa mlimi ndi thonje. Mu 1363 kazembe wina, Mun Ik-jeom, anapita ku China ndipo anabwerako ndi njere za thonje. Nkhani ya m'kamwa imati anazibisa m'kabowo ka cholembera. Apongozi ake aamuna, Jeong Cheon-ik, ndiwo anakwanitsa kuzimeretsa. Izi zisanachitike, osauka ankalowa m'chisanu cha chipale atavala nsalu yaluzi yolowa mphepo, pakuti silika anali wa olemera. Thonje linawapatsa zovala zoti nkutuwiramo lina m'kati, zofunda ngati bulangeti.

Hanbok imene anthu amaiona m'mafilimu lero ndi ya mu ufumu wa Joseon, umene unayamba mu 1392 ndi kukhala zaka zoposa 500. Unali ufumu wotsata chiphunzitso cha Confucius, wanzeru wakale wa ku China, mmene aliyense anali ndi malo ake ndipo chovala chinkalengeza malowo munthu asanatsegule pakamwa. Mfumu inkavala mkanjo wofiira wokhala ndi chinjoka chopetedwa ndi ulusi wagolide. Kuyambira mu 1454 nduna zinkavala chizindikiro cha makona anayi pachifuwa ndi kumsana. M'zaka zakumapeto, a m'maofesi ankadziwika ndi mbalame ya miyendo yaitali yonga kakowa, asilikali ndi chilombo cha mizeremizere cha mtundu wa kambuku. Mwamuna wophunzira sankatuluka popanda gat, chipewa chakuda choonekera m'kati cholukidwa ndi ubweya wa kumchira wa hatchi. Mitundu isanu inali ndi mbali zake za dziko: wabuluu kum'mawa, woyera kumadzulo, wofiira kumwera, wakuda kumpoto, wachikasu pakati. Namwali ankadziwika ndi jeogori yachikasu pa chima yofiira, mkazi wongokwatiwa kumene ndi yobiriwira pa yofiira. Malamulo anali okhwima, koma pa tsiku la ukwati ankamasuka: mnyamata wa kumudzi ankaloledwa kuvala ngati nduna, mkwatibwi ngati mwana wa mfumu, kwa tsiku limodzi limenelo.

Amene amaganiza kuti chovala cha makolo chinali chimodzimodzi nthawi zonse ayenera kuona zimene zinachitikira jeogori ya akazi. M'zaka za m'ma 1500 inali yaitali kupitirira masentimita 60, yobisa chiuno. Inayamba kufupika mbadwo ndi mbadwo, manja ake akuthina, mpaka pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 inali masentimita 20 kapena kucheperapo, yosatha kubisa chifuwa, moti ankachita kumanga nsalu ina yoyera pakati. Sitayiloyi inkayambira kwa gisaeng, akazi oimba ndi kuvina pa maphwando a olemera, amene anali otsika pa udindo koma otsogola pa kavalidwe, ndipo akazi a nduna ankawatsanzira. Amuna ophunzira ankalemba modandaula kuti khalidwe latha. Panalinso gache, mawigi aakulu oluka, okwera mtengo moti mabanja ankasaukira. Yi Deok-mu, mlembi wa zaka za m'ma 1700, analemba za mkwatibwi wa zaka 13 amene anathyoka khosi ndi kulemera kwa wigi pamene ankadzuka kuti alonjere apongozi ake aamuna. Mfumu Yeongjo inaletsa mawigiwa mu 1756, anthu sanamve, ndipo mdzukulu wake Jeongjo anabwerezanso chiletsocho mu 1788. Mikangano ya zimene zili zoyenera ndi zimene zapyola malire ndi yakale ngati chovalacho.

Komabe unyinji wa anthu sunali mu silika wamawangamawanga. Unali mu zoyera. Mabuku a ku China a zaka za m'ma 200 analemba kale kuti anthu a ku Buyeo, amene Akoreya amawawerengera pa makolo awo, ankakonda zoyera, ndipo Akoreya anadzafika podzitcha baegui minjok, mtundu wa zovala zoyera. Zifukwa zake zilipo zingapo: utoto unali wodula, zoyera zinali za maliro ndipo kulira kholo kunkatenga nthawi yaitali, komanso anthu ankangozikonda. Mafumu a Joseon anayesa kangapo kulamula kuti anthu azivala zabuluu, poti dzikolo lili kum'mawa, koma sizinagwire.

Apa ndi pamene ndimaona kuti nkhani ya hanbok imafotokozedwa mwatheka, chifukwa kuyera kumeneko kunali thukuta la akazi. Zovala zabwino ndi zotuwira thonje sizinkachapidwa zili zosoka. Mayi ankasomphola ulusi, n'kuphika zidutswazo m'madzi a phulusa, kukazimenya kumtsinje, kuziyanika, kuziviika m'madzi a phala kuti ziwume gwa, kenaka kuzipinda n'kuziika pa mwala wosalala ndi kuziomba ndi timitengo tiwiri mpaka zitawala. Akatero ankasokanso chovala chonse ndi manja. Kuombako kumatchedwa dadeumi, ndipo nthawi zambiri ankakhala awiri moyang'anana, mayi ndi mpongozi wake, timitengo tikulandizana ngati misi iwiri mumtondo umodzi, mpaka usiku kwambiri. Akale awo ankati pali maphokoso atatu okoma pakhomo: kulira kwa khanda, mawu a mwana akuwerenga, ndi kulira kwa dadeumi. Mawuwa ndi okoma, koma amene ankagwira timitengoto ankagona mochedwa kuposa aliyense. Pamene makina osokera ndi nsalu za m'fakitale zinafika, akazi ambiri anazilandira ndi manja awiri, ndipo palibe angawadzudzule.

Chovala chinasanduka nkhani ya fuko pamene alendo anachigwira. Pa 8 October 1895 anthu otumidwa ndi kazembe wa Japan anapha Mfumukazi Min m'nyumba yachifumu. Pa 30 December chaka chomwecho, boma limene linkatsamira Japan linalamula amuna onse kumeta sangtu, tsitsi lomangidwa pa liwombo limene linali chizindikiro cha mwamuna wokwatira. Mfumu Gojong inayamba ndiyo kumetedwa. Kwa anthu ophunzitsidwa kuti thupi, khungu ndi tsitsi n'zochokera kwa makolo ndipo siziyenera kuonongedwa, uku kunali kutukwanidwa. Apolisi ankaima pa zipata za mizinda ndi sizasi, amalonda a kumidzi anasiya kubwera ku Seoul, ndipo m'zigawo zambiri anthu anatenga zida. Lamulolo linafooka mfumu itathawira ku ofesi ya kazembe wa Russia mu February 1896.

Japan italanda dzikolo mu 1910, nkhondo inafika pa zovala zoyera. Atsamunda ankati zoyera zimadya nthawi ndi ndalama pochapa, ndipo m'zaka za m'ma 1930 analimbikitsa zovala zamitundu mokakamiza. Pa masiku a msika antchito a boma ankawaza inki anthu ovala zoyera, ndipo ena ankabwezedwa pa makomo a maofesi. Kumbukirani ntchito ija ya kusomphola, kuphika ndi kusokanso: dontho lililonse la inki linkagwera pa msana wa mayi wina kunyumba. Zotsatira zake, kuvala zoyera kunasanduka njira yokanira popanda kulankhula. Chithunzi china chimene chinakhazikika m'mitima ndi cha atsikana a sukulu ovala jeogori yoyera ndi chima yakuda yofupikirapo. Umu ndi mmene Akoreya amamukumbukirira Yu Gwan-sun, wophunzira wa pa sukulu ya Ewha amene anatsogolera zionetsero zofuna ufulu kwawo ku Cheonan mu 1919, n'kufera m'ndende ya Seodaemun mu 1920 ali ndi zaka 17.

Zimene inki ya atsamunda inalephera, moyo watsopano unazichita mwakachetechete. Nkhondo ya 1950 mpaka 1953 inasiya anthu ali m'manja lende, akuvala zovala za chithandizo ndi zotsala za asilikali. Kenaka kunabwera mafakitale, nayiloni, mabasi odzaza, nyumba zosanjikizana. Munthu wothamangira belu la kuntchito sakanatha ndi chima yokwekwereza pansi. Pofika m'ma 1970 ndi 1980 hanbok inali itasamukira m'bokosi, yotulutsidwa pa zikondwerero, ndipo ovala tsiku ndi tsiku anali agogo a kumidzi. Mmene zinthu zinafikira zinaoneka mu April 2011, pamene wosoka hanbok wina wotchuka anabwezedwa pa khomo la malo odyera a hotela ina yapamwamba mu Seoul chifukwa chovala hanbok, ati siketi yake yotambalala ikhoza kusokoneza ena. Dziko lonse linakwiya ndipo mkulu wa hotelayo anapita yekha kukapepesa. Koma mfundo inali itamveka: chovala cha eni nthaka chinali chitasanduka mlendo pakhomo pake.

Boma linali litayamba kale kuteteza luso. Lamulo la mu 1962 loteteza chuma cha chikhalidwe linakhazikitsa njira yosankha akatswiri, kuwapatsa thandizo la mwezi ndi mwezi, ndi kuwapatsa udindo wophunzitsa ena. Kuluka gat kunalowa pa mndandanda wa maluso otetezedwa mu 1964. Chipewa chimodzi chimadutsa m'manja angapo: chisoti chake amaluka ndi ubweya wa hatchi, ntchito imene akazi a pa chilumba cha Jeju ankadziwika nayo, mlomo wake ndi wa nsungwi zong'ambidwa mpaka kuonda ngati tsitsi, ndipo wina amalumikiza zonse ndi kupaka utoto, luso limene tauni ya Tongyeong inatchuka nalo. Usoki wa pamanja unalowa mu 1988, katswiri woyamba kuzindikiridwa ali mayi Jeong Jeong-wan.

Luso limene limandigwira mtima kwambiri ndi la mosi wa ku Hansan, m'boma la Seocheon. Mosi ndi nsalu ya nthawi yotentha, yopepuka, yoonekera kuwala, yochokera ku luzi la chomera china chotalika ngati munthu. Akasenda khungwa, kuliviika ndi kuliyanika padzuwa, mayi amang'amba luzilo ndi mano ake kukhala tiulusi tating'onoting'ono. Milomo imang'ambika, lilime limachita zipsera, ndipo pakapita zaka mano amakumbika timipata modutsa luzi. Kenaka amalumikiza ulusi umodziumodzi poupota pa bondo ndi chikhatho chonyowetsa ndi malovu. Kuluka kwake kumafuna chinyezi, apo ayi ulusi umaduka, choncho ankalukira m'tinyumba tokumbira pansi, totseka, m'nyengo yotentha. Kusalala kwa nsalu amakuyeza ndi sae, ndipo sae imodzi ndi ulusi 80 woimirira. Nsalu ya sae 15 ndiye kuti ili ndi ulusi 1,200 pa mulifupi wa masentimita 30 okha. Kumeneko amanena kuti mpukutu wonse wa mosi wabwino umakwana m'mbale yodyera mpunga. Mu 2011 UNESCO inaika lusoli pa mndandanda wake wa chikhalidwe cha anthu, womwewo umene pali Gule Wamkulu, Vimbuza ndi Tchopa. Koma satifiketi siing'amba luzi. Amene amadziwa ntchitoyi ambiri ndi okalamba, ndipo mtsikana amene ali ndi mwayi wa ntchito mumzinda savomera msanga kupereka mano ake.

Mu July 2022 bungwe la boma loona za cholowa linachita chinthu china chosiyana. Linalemba pa mndandanda wa fuko hanbok saenghwal, kutanthauza moyo wa hanbok: kusoka, kuvala, ndi miyambo yonse imene chovalachi chimalowamo. Silinatchule katswiri aliyense ngati mwini, poti mwini wake ndi fuko lonse. Uku kunali kuvomereza kuti ngakhale akatswiri atakhalapo, ngati palibe wovala, ntchito yawo ithera m'magalasi a nyumba zosungiramo zakale.

Ovala alipo, koma mwa njira imene palibe ankaiyembekezera. Kuyambira mu October 2013, aliyense wovala hanbok amalowa ulere m'nyumba zachifumu za ku Seoul, kuphatikizapo Gyeongbokgung, imene inamangidwa koyamba mu 1395. Tikiti yake ndi ma won (ndalama za ku South Korea) 3,000 okha, koma ganizoli linayatsa moto. M'misewu yozungulira munadzaza mashopu obwereketsa zovala kwa maola angapo, ndipo achinyamata a ku Korea pamodzi ndi alendo a m'maiko onse anayamba kudzaza mabwalo a mafumu, akujambulana pa foni. Zambiri mwa zovalazi ndi za poliyesitala, zonyezimira ndi golide wonamizira, zokhala ndi waya m'kati kuti siketi itukumuke, malamba ake omanga kumbuyo. Mu 2018 akuluakulu a dera la Jongno, kumene kuli nyumba zachifumuzi, anaganiza zochotsa mwayi wolowa ulere kwa ovala zoterezi, ponena kuti si hanbok yeniyeni. Achinyamata anafunsa kuti yeniyeni ndi ya chaka chiti, ya jeogori yaitali kapena yaifupi?

Pa mkangano uwu ine ndili pakati, koma osati chifukwa choopa mbali. Achinyamatawo akunena zoona: chovala chimene chinalandira thonje, chinafupika ndi masentimita 40, chinatsanzira gisaeng, sichingaumitsidwe lero. Wosoka zovala wotchuka Lee Young-hee atapita ndi hanbok ku zionetsero za mafashoni ku Paris mu 1993, manyuzipepala a kumeneko anaitcha kimono ya ku Korea, potengera dzina la chovala cha ku Japan, ndipo iye analimbikira mpaka dzina lenileni linadziwika. Yemweyo anaonetsa chima yopanda jeogori, ena kwawo nakhumudwa, komabe mu 2005 ndiye anasoka ma durumagi amene atsogoleri a maiko anavala pa msonkhano wa APEC ku Busan. Magulu oimba monga BTS ndi BLACKPINK avala hanbok zosinthidwa pamaso pa dziko lonse, ndipo sukulu zina tsopano zili ndi yunifolomu yotengera hanbok. Zonsezi ndi moyo. Nkhawa yanga ili pena: kusintha kwakale kunkachokera kwa anthu odziwa kudula ndi kusoka chovalacho, amene ankadziwa lamulo limene akuliphwanya. Zambiri za m'mashopu obwereketsa zimachokera kwa wofuna chotchipa chooneka bwino pa chithunzi. Khamu likhoza kudzaza bwalo la mfumu pamene osoka a mu msika wa Gwangjang, kumene mabanja ankagula nsalu za ukwati, akutseka mashopu mmodzimmodzi chifukwa maukwati achepa ndipo otsalawo amangobwereka.

Palinso funso la umwini. Pa 4 February 2022, pa mwambo wotsegulira masewera a Olympics ku Beijing, mtsikana wovala hanbok anali mmodzi mwa oimira mitundu 56 ya anthu a ku China amene ananyamula mbendera. Ku South Korea anthu anapsa mtima, andale a mbali zonse nayankhulapo, ponena kuti China ikufuna kulanda chikhalidwe chawo. Mkwiyowu uli ndi mizu: pakati pa 2002 ndi 2007 akatswiri a mbiri othandizidwa ndi boma la China anachita kafukufuku wofotokoza Goguryeo ngati gawo la mbiri ya China, ndipo manda aja a anthu ovina ali ku Ji'an, m'dziko la China lero. Komatu ku China kuli Akoreya obadwira konko pafupifupi 1.7 miliyoni, ambiri a iwo ochokera ku Yanbian, amene makolo awo anawoloka mtsinje kuthawa njala ndi utsamunda. Pa tsiku loti mtundu uliwonse uvale zakwawo, mtsikanayo akanavala chiyani? Chovalacho ndi chakenso.

Ku North Korea akazi amavala Joseon-ot pa masiku a boma kawirikawiri kuposa kumwera, ndipo woulutsa nkhani wotchuka Ri Chun-hee amadziwika ndi yake ya pinki. Mu December 2024, pa msonkhano wa ku Asunción, UNESCO inalemba mwambo wa chovalachi pa mndandanda wake m'dzina la North Korea, zimene zinawawa ambiri kumwera. Ku Japan nako, atsikana a m'sukulu za Akoreya ankavala chima ndi jeogori ngati yunifolomu, mpaka pamene anthu achidani anayamba kuwang'ambira zovala ndi mipeni m'sitima, makamaka mu 1994. Kuchokera mu 1999 sukuluzo zinalola kuti panjira azivala yunifolomu wamba. Chovala chimodzi, maboma anayi, ndipo kulikonse chikunyamula katundu wosiyana.

Kutali ndi makamera ndi mikangano ya maiko, hanbok ikadali pa makomo a moyo wa munthu. Khanda limayamba ndi baenaet jeogori, kamalaya koyera kofewa kopanda kolala, komanga ndi ulusi wautali kuti moyo utalike. Kale ankakonda kukasoka kuchokera ku chovala cha gogo amene wakhala zaka zambiri, ndipo mayi ankakasunga mpaka mwanayo adzapite nako ku mayeso. Akakwanitsa chaka amamuveka malaya a manja a mizere yamitundumitundu n'kumuika patsogolo pa ulusi, cholembera ndi ndalama, achibale akudikira kuti atola chiyani. Pa Seollal, chaka chatsopano chotsata mwezi, ana amavala zatsopano n'kugwada mpaka chipumi pansi pamaso pa agogo. Pa ukwati wa masiku ano mkwatibwi amalowa mu holo ndi diresi yoyera, koma amayi awiri amakhala mu hanbok, wa kuchikazi yofiirira, wa kuchimuna yabuluu. Pambuyo pake akwati amasintha zovala n'kukagwadira makolo m'kachipinda, ndipo makolowo amaponya zipatso za mtundu wa masau ndi mtedza wa m'mitengo pa nsalu imene awiriwo atambasula, kuwafunira ana.

Chomaliza ndi suui, chovala cha m'manda. Ana amakonzeratu kholo likadali moyo, makamaka m'mwezi woonjezera wa kalendala yawo, umene amati mizimu siilonda, ndipo amakhulupirira kuti kutero kumatalikitsa masiku a khololo. Posoka samanga mfundo pa ulusi ndipo singano siibwerera m'mbuyo, kuti woyendayo asakodwe panjira. Masiku ano suui imakhala ya sambe, nsalu yokhakhala yaluzi, ndipo ambiri amaiyesa mwambo wakalekale; koma akatswiri a mbiri ya zovala amaloza ku malamulo a miyambo amene atsamunda anatulutsa mu 1934, ponena kuti kale munthu ankaikidwa mu zovala zake zabwino koposa, za silika ngati anali nazo. Umboni wake umatuluka m'manda a nthawi ya Joseon omata ndi laimu, amene asunga nsalu osaola, ndipo zambiri zimene zikudziwika za utali wa jeogori zinachokera mmenemo.

Mu April 1998, ku Andong, anthu akusamutsa manda kuti pamangidwe nyumba, anatsegula bokosi la Yi Eung-tae, amene anamwalira mu 1586 ali ndi zaka za m'ma 30. Munali zovala zambirimbiri, zake ndi za abale ake, pamodzi ndi chima ya mkazi wake ndi kajeogori ka mwana. Pachifuwa pake panali kalata ya mkaziyo, yolembedwa mu zilembo za Chikoreya, ya mayi woyembekezera wofunsa mwamuna wake chifukwa chimene watsogolera, ndi kumupempha kuti abwere m'maloto. Pambali pa mutu panali nsapato zokulungidwa m'pepala, zimene mkaziyo analuka mwamunayo akudwala, posakaniza luzi ndi tsitsi la m'mutu mwake. Mawu otsala pa pepalalo amasonyeza kuti mwini wake anapita asanazivale. Zonsezi zikusungidwa ku nyumba ya zinthu zakale ya yunivesite ya ku Andong.